Ndege Zimene Zinasowa Nditanena Kuti Zili Bwino

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili pansi pa tebulo, ndikutola mapini. Azakhali anga a Nachisale ali ndi shopu yosoka zovala pa Mponela, kuseri kwa msika, ndipo ine nditamaliza dipuloma ya zamakompyuta ku Lilongwe ndinakhala zaka ziwiri ndikuwasitira zovala ndi kusokerera mabatani. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba ambiri moti mawu ake ndinawaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Tsiku limenelo foni inalira m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa Chikondi, mnzanga wa kukoleji amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. Analemba kuti, "Iwe Takondwa, paja umakonda kuyang'ana kumwamba. Taona izi."

Inali kampani yaing'ono ya ku Ulaya, ya anthu anayi okha, ndipo inkafuna munthu woti aziyankha madandaulo a makasitomala ali kunyumba kwake. Zimene inkagulitsa ndinachita kuwerenga katatu kuti ndimvetse. Pali pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa simyuleta, imene munthu amayendetsamo ndege ngati zenizeni atakhala pampando m'nyumba mwake. Muli mitambo, mphepo, mabwalo a ndege ndi mapiri a dziko lonse lapansi. Kampaniyi sinkapanga simyuletayo ayi. Inkapanga ndege zowonjezera, zimene munthu amagula pa webusaiti n'kuziika mu simyuleta yake, monga mmene mlimi amagulira ngolo ng'ombe ali nazo kale.

Chikondi sananame. Ine ndinakulira ku Mvera, kumene bambo anga ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni, ndipo ndege zopita ku Lumbadzi nthawi zina zinkadutsa pamwamba pa mapiri athu. Anzanga ankaziimbira nyimbo n'kupitiriza kusewera. Ine ndinkaima ndi ndowa pamutu mpaka kamzere koyera kamene ndege imasiya kumbuyo katasungunuka, madzi akundidonthera m'khosi. Ndinali ndisanakwerepo ndege, ndipo kunena zoona mpaka lero sindinakwerebe.

Mayeso a ntchito anachitika pa vidiyo. Ndinadzuka m'mamawa, nthawi imene netiweki ya pa Mponela imakhala isanatope, ndi kuvala bulauzi yoyera imene azakhali anandisokera dala. Mwini kampani anali bambo wamtali wa ndevu zofiirira, wolankhula mwachidule ngati mawu amachita kugula. Dzina lawo linkawavuta azakhali kutchula, ndiye pakhomo pathu anasanduka a Matiyasi. Anandifunsa zambiri za makompyuta ndipo ndinayankha bwino. Pomaliza anati, "Ntchito iyi yonse ndi ya pa intaneti. Intaneti yanu ndi yodalirika?"

Ndinayang'ana karauta kanga, kabokosi ka simu kadi kamene kankalendewera pa msomali wa pawindo, ndipo ndinayankha kuti, "Ndi yabwino kwambiri."

Anandipatsa miyezi itatu yoyeserera. Ikatha bwino andilemba ntchito yokhazikika, ikavuta tisiyana mwamtendere. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala ndi kamantha kamodzi kokha, koti tsiku lina a Matiyasi adzadziwa mmene intaneti yanga ilili n'kufuna munthu wina wa m'tauni.

Ananditumizira laputopu yamphamvu, yolira ngati chigayo chakutali, pamodzi ndi mahedifoni ndi ndodo yoyendetsera ndege imene amati joyisitiki. Azakhali anandipatsa kachipinda ka kuseri kosungiramo nsalu. Tinaikamo tebulo, batire la sola ndi inveta kuti magetsi akazima ndisasowe pogwira. Ofesi yanga inali imeneyo, pakati pa mipukutu ya zitenje ndi mayunifolomu a ana asukulu.

Ntchito yake inali yotere. M'mawa ndinkatsegula tsamba la madandaulo, limene dandaulo lililonse timalitcha tikiti. Choyamba ndinkapempha nambala ya oda, kuti ndidziwe kuti munthuyo anaguladi kwa ife. Kenako ndinkafunsa kuti ndege yake ndi ya mtundu uti, simyuleta yake ndi ya chaka chiti, ndipo ndinkamuuza atumize logi. Logi ndi fayilo imene pulogalamu imalembamo yokha chilichonse chimene yachita, mzere ndi mzere, ndipo siidziwa kunama. Ambiri ankakhala ataiwala pasiwedi. Ena agula kompyuta yatsopano ndipo kiyi ya ndege, nambala yachinsinsi yoitsegulira, ikukana, chifukwa inkaloledwa pa makompyuta awiri okha. Ena pulogalamu yoteteza ku mavairasi yameza fayilo yathu poiganizira zoipa. Tinali ndi mayankho olembedwa kale, okhala ndi manambala. Yankho lachisanu ndi chiwiri ndilo linali lomaliza, lopereka zonse zikakanika: chotsani ndege yonse, fufutani foda yake, muyambirenso kuika.

A Matiyasi analamulanso kuti tsiku lililonse ndiziuluka ola limodzi. Anati, "Simungathandize munthu pa chinthu chimene simunachigwirepo."

Ola limenelo ndilo linanditenga mtima. Ndinkasankha kandege kathu ka injini imodzi ndi mipando inayi, n'kukaimika pa bwalo la ku Lumbadzi. Kuyatsa batire, kutsegula mafuta, kuliza injini, kumasula mabuleki. Sabata yoyamba ndinkagwera m'minda ndisanapitirire n'komwe mitengo ya bulugamu. Kenako dzanja linazolowera. Ndikanyamuka ndinkakhotera kumpoto, kutsata msewu waukulu umene kumwamba umaoneka ngati ulusi wotuwa, mpaka pamwamba pa Mponela. Pamenepo ndinkachepetsa liwiro n'kuyang'ana pansi, kufunafuna denga la shopu ya azakhali. Ndinkakhala m'malo awiri nthawi imodzi, m'kachipinda konunkha nsalu zatsopano ndi m'mwamba mwa kachipindako, ndikudziyang'ana ndekha.

Dziko la mu simyuleta linali lathu lomweli koma losamba. Zigafa za fodya zinkaoneka ngati nyumba za njerwa zofiira, mumsewu munalibe minibasi ngakhale imodzi, ndipo pamsika panalibe munthu. Koma mapiri anali omwewo ndendende. Ndinkapita kum'mawa, kudutsa zitunda za Dowa zimene zimagona motsatizana ngati ng'ombe m'khola, n'kukazungulira pamwamba pa tchalitchi cha ku Mvera. Tsiku lina ndinkalowera ku phiri la Ntchisi, kumene nkhungu imakhala pamwamba pa nkhalango mpaka dzuwa litakwera. Simyuletayo inkatenga nyengo yeniyeni ya tsikulo kuchokera pa intaneti. Ndiye mvula ikayamba kugunda malata a shopu, pakangopita kanthawi madontho ankayambanso kutsetsereka pagalasi la kandege kanga. Nthawi zoterozo ndinkaiwala kuti ndili pantchito.

Azakhali ankasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi. "Lero tafika kuti, a payiloti?"

"Ndili pamwamba pa Malomo, azakhali."

"Tsika pang'ono undigulire mtedza. Kumeneko n'kotchipa."

Pa makasitomala onse panali mkulu wina, ndiwatchule kuti a Pita. Ankakhala pafamu, kudziko lina lozizira, kutali ndi tauni. Anayendetsa ndege zenizeni zaka zambiri mpaka madokotala atawaletsa chifukwa cha maso. Matikiti awo sanali madandaulo kwenikweni. Ankalemba kuti singano ya mafuta ikutsika mofulumira pang'ono poyerekeza ndi ndege yeniyeni, kenako n'kusimba za chipale chofewa chimene chagwa ndi galu wawo wokalamba. Nditawauza kuti ndili ku Malawi, anafunsa dzina la phiri lapafupi. Patapita masiku awiri anandilembera kuti, "Ndazungulira Ntchisi m'mawa uno. Muli ndi dziko lokongola, mwana wanga." Ndinawerenga mawu amenewo kangapo, mtima uli myaa.

Mwezi wachitatu utangoyamba, kampani inakonza apudeti yaikulu. Apudeti ndi kukonzanso kwa pulogalamu kumene kasitomala amadawuniloda kuti ndege yake ikhale yatsopano. Iyi inabwera ndi kapulogalamu kake kochita zonse kokha: munthu angodina batani limodzi n'kudikira. A Matiyasi anaitumiza kwa tonse a pakampani sabata ziwiri isanatuluke. Anati, "Aliyense ayese pa kompyuta yake. Mukaona chilichonse chachilendo, nenani."

Ndinadina batani lija Lachiwiri m'mawa. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo ine ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Katafika chapakati, karauta kanaphethira, netiweki inadukiza kwa mphindi imodzi, ndipo kamzere kanabwerera poyambira penipeni. Ndinayesanso, kanabwereranso. Nditatsegula simyuleta kuti ndiulukeko poziziritsa mtima, kandege kanga kanalibemo. Pa bwalo la ku Lumbadzi panali udzu ndi phula basi. Ndinayesa kachitatu, kachinayi, kachisanu. Kenako webusaiti yathu yomwe inanditsekera kunja, n'kulemba pa sikirini kuti sindikuloledwa kulowa.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino mmene ndinaganizira. Sindinaganize n'komwe kuti vuto lingakhale la apudeti. Anthu ophunzira, a ku Ulaya, aipanga miyezi yambiri, ndiye ine wa kuseri kwa msika ndikawauze kuti chinthu chawo n'chowonongeka? Ndinangoti ndi umphawi wa netiweki yathu. Komanso kwathu tinaleredwa kuti ukapita kwa eni n'kukupatsa ndiwo zowawa mchere, umati zakoma, n'kumwera madzi. Munthu wamkulu sumuuza m'maso kuti denga lake likudontha. Pamwamba pa zonsezo panali bodza langa lija. Kunena kuti apudeti yakanika kunali kuvomera kuti intaneti yanga si yabwino kwambiri, kutatsala milungu itatu kuti miyezi yoyeserera ithe.

Ndiye m'mawa mwake ndinakulunga laputopu m'chitenje, ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, n'kukagogoda ku ofesi ya Chikondi nthawi ya nkhomaliro. Kumeneko webusaiti inandilola kulowa, ndipo intaneti yawo inameza apudeti yonse tisanamalize n'komwe chipisi. Kandege kanabwerera, kokongola kuposa kale, mipando yake ikuoneka mpaka ulusi wosokera. Chikondi anandiyang'ana m'mbali n'kunena kuti, "Koma uwauza abwana akowo kuti kwanu inakana?"

"Yatheka, si ndi imeneyi?" ndinatero.

Madzulo a tsikulo ndinalembera a Matiyasi kuti ndayesa ndipo zonse zili bwino.

Apudeti inatuluka Lachisanu lina m'mwezi wa mvula, cha m'ma eyiti m'mawa. Maola awiri oyamba kunali zikomo yekhayekha. Anthu a m'mizinda ikuluikulu ankatumiza zithunzi za ndege zawo zili pamwamba pa mitambo. Ndinamwa tiyi mtima uli m'malo. Cha m'ma teni tikiti yoyamba yachilendo inalowa, ya munthu wina wa pachilumba: ndege yasowa. Kenako ina, ya munthu wokhala kumapiri. Kenako matikiti anasiya kubwera ndipo m'malo mwake munayamba kusefukira maimelo, chifukwa anthuwo webusaiti inali itawatsekera kunja ndipo sakanatha n'komwe kutsegula tikiti. Onse ankanena zofanana. Kamzere kabwerera poyambira, ndege palibe, webusaiti ikuti sakuloledwa.

Ndinazindikira nkhani imeneyi ngati mmene umazindikirira chitenje chako chili pa chingwe cha eni.

A Matiyasi ndi anzawo ankafufuza kwina. Anayang'ana seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo athu, ili bwino. Anayesa apudeti pa makompyuta awo, ikutheka. Ankaganiza kuti mwina ndi mapulogalamu a mavairasi, mwina ndi anthu akuba amene akuukira webusaiti, popeza mlonda wa webusaitiyo, pulogalamu imene imatsekera anthu okayikitsa, inkaonetsa kuti yatsekera ambiri m'mawa umodzi. Anandilembera kuti, "Tikufufuza. Pakadali pano apatseni mayankho a nthawi zonse. Zikakanika, lachisanu ndi chiwiri."

Ndinamvera. Ndinauza anthu kuti azimitse rauta n'kuyatsanso, ayeretse bulawuza, ayese bulawuza ina. Ndinkadziwa kuti palibe chimene chithandize, koma zala zinkangolemba. Kunja mvula inayamba, ya mawawa, yopanda mphepo. Ndinkamva makina a azakhali akulira kutsogolo, ndipo ndinkalakalaka nditabwerera pansi pa tebulo paja kukatola mapini. Walira mvula walira matope, ntchito ndinaifuna ndekha.

Imelo ya a Pita inafika chakumasana. Ananena kuti ayesa kasanu ndipo intaneti ya kufamu kwawo imadukaduka. Ndinali ndi maimelo ena ambiri akudikira, ndipo sindinafune kuganiza. Ndinawatumizira yankho lachisanu ndi chiwiri monga linalili: chotsani ndege yonse, fufutani foda yake, muyambirenso. Ndinkadziwa kuti mufoda imeneyo mumakhalanso buku la maulendo, mmene simyuleta imalembamo ulendo uliwonse umene munthu wauluka ndi ndegeyo. Pamasiku abwino ndinkayamba ndachenjeza munthu kuti alikopere pena. Tsiku limenelo sindinawonjezere mzere umenewo.

Patatha ola limodzi anayankha, pogwiritsa ntchito foni ya mwana wawo wamkazi. "Ndachita zonse mwanenazo. Ndege palibe, ndipo webusaiti yanu ikuti sindikuloledwa. Ndimauluka m'mawa uliwonse chimwalirire mkazi wanga. Ndikhululukireni, mwina ndine wokalamba, ndipo intaneti ya kuno ndi yochititsa manyazi. Ndalakwitsa pati?"

Ndinavula mahedifoni. Bambo wa zaka zonsezo, woti anayendetsapo ndege zenizeni, ankapepesa chifukwa cha intaneti ya kwawo, mmene ndinachitira ine mumtima sabata ziwiri zapitazo. Ndipo ine ndinkadziwa yankho la funso lawolo. Misozi inalengeza.

Ndinapita kutsogolo. Azakhali anali akupinda mpendero wa siketi, mapini ali kukamwa. Anandiyang'ana kamodzi n'kuchotsa mapiniwo.

"Kwagwanji, mwana wa achimwene? Ndege yagwa?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa mayeso a ntchito mpaka ulendo wa ku Lilongwe. Zamakompyuta sanazimve, koma nkhani anaimva.

"Ndiye iwe adakupatsa diresi kuti uyese, lidakuthina, iwe n'kunena kuti lakhala bwino?"

"Ndimaopa, azakhali. Ndikanena andichotsa ntchito."

"Tamvera. Munthu akayesa diresi pano n'kundiuza kuti lakhala bwino pondichitira ulemu, ndiye likamung'ambikira pa ukwati, anthu amaseka ndani? Amati telala wake ndi uti. Ulemu umenewo ine sindiufuna, ndi wondipha nawo. Pita ukawauze. Akakuchotsa, mabatani alipo ambiri."

Ndinabwerera m'kachipinda muja n'kuwaimbira a Matiyasi. Atayankha, pakamwa panga panayamba pokha mwa chizolowezi. Ndinawafunsa mmene adzukira, mmene aliri a kunyumba, ngati kukuzizira. Anandidula. "Takondwa, anthu akulalata mbali zonse. Muli ndi chiyani?"

Ndinatseka maso n'kunena zonse mwakamodzi. Ndinati apudeti inakanika kwa ine sabata ziwiri zapitazo, kasanu, ndendende ngati mmene ikukanikira kwa anthuwa. Ndinati netiweki ikangodukiza pang'ono, kapulogalamuko kamayambiranso pachiyambi, koma kamakhala katafufuta kale ndege yakale. Munthu akayesa kasanu, mlonda wa webusaiti amamuyesa wakuba n'kumutsekera. Ndinati ndinakaichitira ku Lilongwe n'kubisa. Pomaliza ndinati, "Intaneti yanga si yabwino kwambiri. Ndinakunamizani."

Ndinayang'ana mipukutu ya nsalu n'kuyamba kuganiza kuti laputopu ndiibweza bwanji, pa basi kapena pa positi.

Kenako anati, "Logi ya tsiku limenelo mukadali nayo?"

Ndinali nayo. Ndinaitumiza, ndipo ndinawamva akuwerenga chapansipansi, mzere ndi mzere. Anatukwana kamodzi m'chilankhulo chawo. Kenako anati, "Mungathe kuiwononganso? Pompano?"

Ntchito ya masana onsewo inali imeneyo. Anaimitsa apudeti kuti wina asaidawunilodenso, anamasula onse amene mlonda anawatsekera, ndipo anaika uthenga pa webusaiti wovomera kuti vuto ndi lathu. Ine ndinalembera aliyense amene ndinamupatsa malangizo achabe aja kuti asachite kanthu, adikire. Kenako anayamba kukonza kapulogalamu kaja. Anakasintha kuti kazidawuniloda m'zidutswa zing'onozing'ono, netiweki ikadukiza kazipitiriza pamene kanalekera, ndipo ndege yakale kaziichotsa pokhapokha yatsopano yafika yonse n'kutsimikizika kuti ndi yathunthu. Akasintha ankanditumizira, ine n'kudina batani. Kwa iwo kunalibe poyesera, chifukwa intaneti yawo sinkaduka ngakhale atainyengerera.

Koyamba kanakanika chapakati. Kachiwiri kanapitiriza koma fayilo imodzi inafika yoduka. Kachitatu netiweki ya pa Mponela inachita manyazi n'kukana kuduka, moti a Matiyasi anandiuza kuti ndichotse karauta pa msomali n'kukaika pansi pa nsalu. Ndinakakwirira ndi mayunifolomu asanu. Kachinayi mvula inakula, netiweki inaduka katatu yokha, ndipo katatu konseko kamzere kobiriwira kanaima, kanadikira, n'kupitiriza. Katafika kumapeto ndinatsegula simyuleta. Kandege kanali pa Lumbadzi, mvula ikutsetsereka pamapiko ake. Dzuwa linali lisanalowe.

Lolemba a Matiyasi anandiimbira pa vidiyo. Nkhope yawo inali yotopa. Sanakweze mawu, ndipo mwina zikanandipepukira akanakweza. Anati, "Vuto linali lathu, tinalipanga ndife. Koma inu munaliona sabata ziwiri lisanafike kwa anthu, ndipo ndinakufunsani." Anandiuza kuti makasitomala ena achoka ndipo sadzabweranso. Ndinangoti ndamva, maso ali pansi. Kenako anati miyezi yoyeserera awonjezera itatu ina, ndipo kuyambira tsopano palibe apudeti idzatuluke isanadutse pa kompyuta yanga, pa karauta komweko, pa msomali womwewo. "Musakonze intaneti yanuyo," anatero. "Tikuifuna mmene ililimo."

Nditatseka laputopu ndinaseka ndekha, kenako ndinalira pang'ono. Chinthu chimene ndinachibisa miyezi itatu ngati chilonda ndicho chinali chida chokhacho chimene kampani inalibe. Azakhali atamva anangoti, "Ona tsono," n'kupitiriza kuponda makina.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Lachitatu imelo ya a Pita inafika. Analemba mwaulemu monga mwa masiku onse. "Ndege yabwerera, ndipo ndi yokongola. Zikomo chifukwa cha khama lanu. Chimene sindikuchipeza ndi buku la maulendo anga. Munali zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkakonda kuliwerenga ndikamamwa khofi, kuona kumene ndinali tsiku ngati lomwelo chaka chatha. Ndikuganiza kuti ndinasokoneza penapake potsatira malangizo anu."

Tinayesa zonse. Ndinawatsogolera kuyang'ana m'bini ya kompyuta, momwe munali mopanda kanthu chifukwa iwo ndi munthu waukhondo. Tinayesa pulogalamu yobwezeretsa mafayilo ofufutidwa, koma apudeti yatsopano inali italemba kale pamalo pomwepo. A Matiyasi nawo anayesa. Bukulo linapita.

Ndikanatha kuwasiya akhulupirire kuti anasokoneza okha. Sakanadziwa, ndipo ndikudziwa kuti sakanadandaula. Kenako ndinalemba kalata yaifupi kuposa zonse zimene ndinalembapo pa ntchito imeneyo, yopanda moni wautali. Ndinati simunalakwitse chilichonse. Ndinati malangizo aja ndinakupatsani ndikudziwa kuti sathandiza, ndipo sindinakuchenjezeni za bukulo ngakhale ndinkadziwa kuti lili mufodamo. Ndinati ndinkateteza ntchito yanga.

Anayankha mawa lake ndi mizere iwiri. "Ndamva. Zikomo pondiuza, chifukwa ndinayamba kuopa kuti mutu wanga nawonso ukutha." Anapitiriza kugula ndege zathu ndi kutumiza matikiti a singano ya mafuta, koma za galu ndi chipale sanandisimbirenso.

Ntchito ija inakhazikika, ndipo ndinaigwira zaka zitatu ndisanapite kwina. Ulemu sindinausiye, ndine mwana wa ku Mvera. Koma chinthu chikawonongeka m'manja mwanga ndimanena ola lomwelo, kwa aliyense, ngakhale chikundichititsa manyazi, ndipo moni ndimapereka pambuyo. Ndinaphunzira kuti ukati zili bwino pamene sizili bwino, vutolo silichoka, limangopita kukagwera munthu wina amene sanalakwe. Ine ndinatsala ndi ntchito yanga. Zaka zisanu ndi chimodzi za a Pita palibe anazibweza, ndipo amene anawauza kuti afufute ndine.